Kamera Yopanda Mawu

1. Kalilole wakana kutsika

Kamera ya bambo ake a Kadiso inafa Lachitatu masana, ili m'kati mojambula munthu wofuna kachithunzi ka pachiphaso. Inangoti khatcha! kenako zii. Kalilole wam'kati mwake anakwera m'mwamba osatsikanso. Anaigwedeza, anaiuzira mpweya, anachotsa batire n'kubwezeramo, koma ayi ndithu, inali itapita.

Studiyo yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa telala. Munali nsalu yabuluu yopachika kukhoma, mpando wopanda choyedzamira, magetsi awiri a maambulera, ndi kabati yodzaza zithunzi za anthu amene anajambulitsa koma osabwera kudzatenga. Kadiso anakulira m'menemo. Dzinalo analipata ali kamwana, chifukwa chilichonse ankachiyang'ana atatsinzina diso limodzi. Tsopano anali atangomaliza mayeso a sekondale, ndipo tsiku lonse ankakhala m'studiyomo.

Panali chinsinsi chimodzi chimene makasitomala sankachidziwa. Maso a bambowo anali atayamba kuchita mdima. Nkhope ya munthu ankangoiona mbuu. Odziwa anali atatu okha: eni akewo, akazi awo ndi Kadiso.

"Zikangomveka kunjaku, basi ntchito yatha," ankatero. "Ndani angaitane wojambula wosaona?"

Ndiye anapeza nzeru yawo. Kamera ankagwira Kadiso, bambo n'kuima kumanzere kwake, dzanja lili paphewa pake. Iwo ndiwo ankacheza ndi anthu ndi kuwaseketsa. Kuseka kukafika pokoma ankafinya phewa lija, Kadiso n'kudina. Kalilole akati khatcha, makutu awo ankawauza zonse.

"Yalowa imeneyo," ankatero. Kapena, "Wachedwa iwe, bwereza." Nthawi zina, "Yalira mokoka, muli mdima muno, ituluka yogwedera."

Anthu ankangoti bambo akuphunzitsa mwana wawo ntchito, n'kumawayamikira.

Vuto linali lakuti Lachisanu ankayenera kukajambula makalasi onse pa sukulu ina ya pulayimale. Sukuluyo inkawaitana chaka ndi chaka, ndipo ntchito yaikulu imene inatsala m'manja mwawo inali yomweyo.

2. Mawu a pakhomo

Lachinayi m'mawa bambowo anatulutsa envulopu ya ndalama imene ankasungira tsiku ngati limeneli. Anatenganso chikwama chachikopa cha malenzi awo atatu, magalasi omangirira kutsogolo kwa kamera, n'kumukoleka Kadiso paphewa.

"Khala pansi kaye," anatero. "Ndikadapita ndekha, koma kumeneko akandipatsa pepala kuti ndiwerenge, n'kundizindikira. Ndiye tchera khutu, mwanawe.

"Ukapeza makamera amitundu iwiri. Pali okhala ndi kalilole m'kati, ngati yathu yafayi, ndipo pali atsopanowa amene anawachotsa kalilole. Sindikunena kuti atsopanowo ndi oipa, ayi. Anzanga akuwayamikira, akuti ndi opepuka, akuti amaona ngakhale mu mdima. Koma kamera sugula chifukwa choti mnzako waiyamikira. Umayamba wayang'ana zimene uli nazo kale kunyumba ndi ntchito imene umagwira.

"Ife tili ndi malenzi atatuwa. Lalifupilo ndinayamba nalo ntchito iwe usanabadwe. Lalitalilo ndi limene linakulipirira sukulu. Malenzi amenewa salowa pa kamera iliyonse, n'chifukwa chake ndakupatsa kuti ukawayese pomwepo. Akakalowa bwino, imeneyo ndiyo yathu. Chachiwiri, batire. Kamera ya kalilole imatha tsiku lonse osapempha moto, pamene zinazo akuti zimadya batire koopsa. Chachitatu, ndipo usachiiwale, kamera yanga iziyankhula. Wamva?"

"Ndamva, ababa," anayankha Kadiso. Koma kunena zoona chachitatucho chinangomudutsa. Ankaganiza kuti ndi kayankhulidwe chabe ka anthu akuluakulu.

Amayi ake anamuperekeza mpaka pachipata.

"Iwe ndimakudziwa," anatero. "Maso akowo akaona chinthu chonyezimira, makutu amatseka. Ogulitsa ali ndi pakamwa pokoma. Sakakunamiza ayi, koma akakuuza zokoma zokhazokha, zinazo ukazionera kunyumba. Watumidwa, sukukagula chako. Ukaona kuti mtima wayamba kuthamanga, utuluke panja, upume, kenako ubwere udzafunse."

"Amayi inunso! Ngati ndine mwana."

"Ndiwe chiyani nanga? Thamanga."

3. M'sitolo

Sitolo ya makamera inali yozizira bwino, ya magalasi mbali zonse. Wogulitsa anali mnyamata wa tayi yofiira, wochangamuka, ndipo ntchito yake ankaidziwa.

"Takulandirani achemwali. Tikuthandizeni chiyani?"

Kadiso anafotokoza monga anamutumira. Mnyamatayo anatsitsa kamera ya kalilole, yaikulu, yakuda. Anaikapo lenzi lalifupi, linalowa. Lapakati linalowa. Lalitali nalonso linangoti kete, ngati linabadwira pomwepo. Kadiso anadina, kamera inati khatcha! mpaka mlonda wa pakhomo anacheuka. Za mu envulopu zinali zokwanira. Akadangoti "ndimangireni," nkhani ikadathera pomwepo.

Koma maso, abale! Pashelefu yapamwamba panali kakamera kena kakang'ono, kooneka bwino.

"Nanga ako?"

"Aa, mwaona chinthu," anatero mnyamatayo uku akukatsitsa. "Iyi ndiye yopanda kalilole. Tagwirani mumve."

Kadiso anaigwira. Inali yopepuka moti khosi lake, limene linkaphwanya tsiku lililonse ndi lamba wa kamera yakale, linachita ngati layamba kale kuthokoza. Anayang'ana pakabowo koonera. Ngodya yamdima ya sitoloyo inaoneka yowala ngati panja. Atailozetsa kwa mlonda uja, m'kabowomo munaoneka kabokosi kobiriwira kamene kanathamangira pa diso lake n'kukakamira pomwepo.

"Imasaka yokha diso la munthu," anatero wogulitsa. "Mwana athamange, adumphe, iyo ili naye. Dinani."

Kadiso anadina. Sipanamveke kanthu. Koma kumbuyo kwa kamera kunatuluka chithunzi cha mlonda akuyasamula, mano onse pamtunda, mwini wake osadziwa n'komwe. Onse awiri anaphulika kuseka.

"Malenzi athuwa angalowe?"

"Amenewo ayi. Pamafunika kachitsulo kolumikizira, ndipo kanatithera. Koma mukuvutikiranji? Iyi ikubwera ndi lenzi lakelake, limodzi lokwanira zonse."

Mnyamatayo anayang'ana mu envulopu muja n'kupukusa mutu. Sizinkakwana. Kenako maso ake anagwera pa malenzi atatu aja, amene anali ndandanda pa tebulo.

"Pali njira, achemwali. Musiye awa, ife tiwonjezere pa envulopuyo, inu munyamule kamera. Akuluwo akaona zithunzi zake adzakuthokozani."

Mtima wa Kadiso unayamba kuthamanga. Chitseko chotulukira panja chinali pafupi, ndipo mawu a amayi ake anawakumbuka bwinobwino. Koma anayang'ananso kabokosi kobiriwira kaja.

"Ndi ine ndimanyamula kamera," ananong'ona. "Ndi ine ndimaona."

"Mwati bwanji?"

"Ndati mangani."

Mnyamatayo anatsitsa bokosi latsopano. Asanadule pepala lomatira anaima kaye.

"Lamulo lathu ndi limodzi. Bokosi likatsegulidwa sitilandiranso. Tagwirizana?"

"Tagwirizana."

Mpeni unadutsa. Pamene Kadiso ankatuluka, anamva mnyamatayo akuyankhula pa foni kumbuyo kwake: "Bwana, malenzi akale aja munkafuna apezeka. Atatu, osamalidwa bwino. Mubwera liti?"

Chikwama chachikopa chija chinali kulendewera paphewa pake, chopanda kanthu.

4. Pakamwa pakana

Chisangalalo chake chinathera m'basi.

Anapeza bambo ake atakhala pakhomo pa studiyo, akucheza ndi telala. Atamva mapazi ake anatambasula manja onse awiri.

"Wabwera! Tabweretsa ndiigwire."

Kadiso anadziwa kuti zala zimenezo zikangoikhudza, zonse ziululika. Bodza linatuluka lokha.

"Ababa, akuti isagwiridwe kaye. Akuti batire iyambe yadzaza, ikhale m'bokosi mpaka mawa."

"Ha! Zamakono zimenezi," anaseka bambowo. "Chabwino. Malenzi analowa?"

"Analowa."

Limenelo silinali bodza, koma linamuwawa kuposa loyamba lija. Analowa msanga m'studiyo n'kukankhira chikwama chija kunsi kwa kabati. Ali m'katimo anamva bambo ake akuuza telala: "Mwana uyu ndikhoza kumutuma kulikonse. Mutu wake ndi wa munthu wamkulu."

Amayi ake anali ataona kale mmene chikwamacho chinkapepukira. Anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Malenzi a bambo ako ali kuti?"

Kadiso anayang'ana pansi. Anafotokoza zonse.

Amayiwo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Kadiso, wachita chiyani? Bweza, thamanga ukabweze!"

"Salandira. Bokosi latsegulidwa."

Amayiwo anayankhula motsitsa mawu.

"Tamvera. Kulakwa walakwa kale, kumeneko sitingakufufute. Koma pali kulakwa kwina kumene ukukuyamba tsopano, ndipo ndi koipa kuposa koyambako. Munthu amene saona amadalira pakamwa pa amene ali naye pafupi. Ukamuuza kuti kutsogolo kuli bwino, amaponda ndi mtima wonse. Bambo ako akuyendera mawu ako. Ine sindikawauza, chifukwa si ine ndinatumidwa. Upite wekha, lero lomwe, asanakaime pamaso pa anthu."

Kadiso anayesa. Anapita koyamba, anapeza bambo ake akupukuta chipewa chawo cha ntchito uku akuimba. Anapita kachiwiri, anawapeza akuyeserera kuyetsemula kwawo koseketsa ana. Pa chakudya chamadzulo anatsegula pakamwa.

"Ababa..."

"Ee, mwanawe?"

"Mchere uwu."

Amayi ake anamuyang'ana, iye n'kuzika maso m'mbale. Anadziuza kuti zithunzi zikatuluka bwino kudzakhala kosavuta kunena.

5. Pa masitepe a sukulu

Lachisanu kunacha bwino. Ana a kalasi yoyamba anawandandalika pa masitepe a ofesi, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Aphunzitsi aakulu, mayi wamagalasi wosakonda zotaya nthawi, anaima pambali atapinda manja.

Kadiso anatulutsa kamera ali chofulatira bambo ake. Iwo anaima kumanzere kwake monga mwa masiku onse, dzanja paphewa.

"Ana inu!" anafuula. "Aliyense ayang'ane chipewa changa. Chipewa chimenechi chimaopa chimfine. Aaa... aaa... etsi!"

Anagwedeza mutu, chipewa chinadumpha, iwo n'kuchiwakha m'malere. Ana anafa nacho chiseko. Dzanja linafinya phewa, Kadiso anadina.

Zii.

Chithunzi chinali chitalowa, chokongola zedi. Koma bambowo anapendeketsa mutu, khutu lili tcheru, kudikira. Pamenepo m'pamene mawu aja anamubwerera Kadiso: kamera yanga iziyankhula.

"Wagona kodi?" ananong'ona bambowo. "Tibwereze. Ana inu! Aaa... etsi!"

Anafinyanso. Kadiso anadinanso. Zii.

"Ababa, yalowa," anatero motsitsa.

"Yalowa bwanji osalira? Usandichititse manyazi, dina!"

Anayetsemula kachitatu, mwamphamvu, mtima uli kale m'mwamba. Ulendo uno dzanja linaphonya. Chipewa chinagwa, chinagubuduzika n'kukaima poyera, pafupi ndi phazi la aphunzitsi aakulu.

Bambowo anawerama. Anapapasa kumanja, chipewa chili kumanzere. Anapapasa kutsogolo, anagwira fumbi. Ana ankaseka poganiza kuti ndi sewero lomwelo. Koma kupapasako kunapitirira, ndipo kuseka kunayamba kuzilala. Kadiso anangoti njo, kamera ili m'manja.

Kamtsikana kena ka kutsogolo kanaloza chala.

"Aphunzitsi, bambowa saona!"

Aphunzitsi aakulu anatola chipewa chija, anachikuntha fumbi n'kuchiika m'manja mwa mwini wake. Anawayang'anitsitsa m'maso, ndipo bambowo anathokoza akuyang'ana pambali pang'ono, pamene panalibe munthu.

"Mwina mukhale pa mthunzi apo, bambo," anatero mayiwo mwaulemu. Anaitanitsa mpando.

Makalasi otsalawo Kadiso anajambula yekha. Kamera inagwira ntchito yake mosalakwitsa. Kabokosi kobiriwira kankathamangira diso la mwana aliyense, ndipo batire, ngakhale inatsala pang'ono kutha, inafika kumapeto. Pansi pa mtengo bambo ake anakhala chipewa chili pamaondo. Khutu lawo linali litaloza kumene kunali mwana wawo, koma kunalibe choti amve.

Pomaliza aphunzitsi aakulu anaona zithunzizo kumbuyo kwa kamera.

"Koma ndiye zokongola! Sitinajambulidwepo chonchi. Mtsikana iwe uli ndi dzanja." Kenako anatsitsa mawu, koma osati mokwanira. "Chaka chamawa udzangobwera wekha. Bambowa apume, agwira ntchito yawo."

Kadiso anacheukira ku mtengo kuja. Bambo ake anali akuvala chipewa pang'onopang'ono. Anali atamva.

6. Chikwama

Atafika m'studiyo bambowo anakhala pa mpando wa makasitomala, kutsogolo kwa nsalu yabuluu. Amayi anabwera n'kuima pakhomo.

"Ndipatse," anatero bambowo.

Kadiso anaika kamera m'manja mwawo. Anaiyeza kulemera kwake. Zala zinayenda pamwamba, m'mbali, kutsogolo. Anaiika pakhutu n'kudina.

"Ilibe kalilole," anatero.

"Ilibe, ababa. Pepani. Koma ndikhoza kuyatsa kaphokoso, kaliko m'katimo." Anailanda mwachangu, anasakasaka, n'kudina. Kamera inati tsi, kamawu kakang'ono kochita kupangira.

"Ichedwetse," anatero bambowo, "ngati muli mdima. Dinanso."

Tsi.

"Ifulumizitse."

Tsi.

"Wamva? Kakulira chimodzimodzi. Kameneko sikangandiuze kanthu." Anapumira m'mwamba. Sanakalipe, ndipo Kadiso akadakonda akadakalipa.

"Mwanawe, kamera wagulayi ndi yabwino. Ndamva mmene amayi aja amayamikirira. Ukadakhala wekha pa ntchitoyi, ndikadati wasankha bwino. Koma tinali awiri. Iwe unali maso, ine makutu, ndipo pakati pathu panali kaphokoso kaja basi. Pamene unkasankha unaganizira khosi lako ndi maso ako. Sunadzifunse kuti, kodi munthu waima kumanzere kwangayu adzagwira chiyani? Ukadabwera dzulo n'kundiuza, ndikadakwiya, inde, koma lero ndikadadziwa poima. Unandisiya ndikuyetsemula ngati chitsiru pamaso pa ana."

Misozi inali ikutsika m'masaya mwa Kadiso. Anafuna kunena zotsalazo, koma anachedwa.

Bambowo anawongola msana, nkhope yawo n'kuwalako pang'ono, monga amachitira munthu akapeza potulukira.

"Basi, pukuta misozi. Sizinathe zonse. Iwe uzigwiritsa ntchito yakoyo kunjako. Yakale ija tikaipereka kwa okonza, mwina kalilole n'kutsika. Muno m'studiyo tizigwira ntchito ngati kale, ine ndi iwe. Chachikulu malenzi anga alipo." Anatulutsa kansalu kofewa m'thumba la malaya. "Dzulo anagwiridwagwiridwa ndi anthu a m'sitolo. Tandipatsa chikwama ndiwapukute."

Kadiso anayang'ana amayi ake. Iwo anangoloza kunsi kwa kabati ndi maso, osasuntha pakhomo paja.

Anagwada, anakoka chikwama chija n'kuchiika pamaondo pa bambo ake. Iwo anamasula lamba akumwetulira. Dzanja linalowa m'chipinda choyamba cha chikwamacho, linapita m'chachiwiri, kenako m'chachitatu. Linabwereranso m'choyamba, n'kupapasa mpaka m'ngodya.

Kansalu kaja kanagwera pansi.

"Kadiso," anatero bambowo, mawu ali pansipansi. "Malenzi anga ali kuti?"